Kulimbitsa mafoloko si kukonza njinga yamoto yakale

Pali chizolowezi chimene chafala pakati pathu eni njinga zamoto zakale kuno ku Angónia ndi ku Tsangano, ndipo ndikufuna kunena poyera kuti sindigwirizana nacho. Mafoloko, miyendo iwiri yogwira tayala lakutsogolo, akafewa n'kuyamba kugunda pansi, amakaniko ena amathiramo oyilo wa injini, nthawi zina wakuda wogwira kale ntchito, kenako amalowetsa chidutswa chachitali cha paipi pamwamba pa sipuling'i. Mwini njinga akakanikiza mahandulo n'kuona kuti sakutsikanso, amalipira mokondwa poganiza kuti vuto latha. Koma tayala limene silitha kukwera ndi kutsika momasuka silitsatira nthaka, limangodumphadumpha, ndipo pa msewu wamiyala wopita ku Domue kapena ku Furancungo, tayala likakhala m'mwamba ngakhale kanthawi kochepa, mabuleki sagwira ndipo mahandulo samvera.

Kuti timvetsane, tiyambe ndi zimene zili m'kati. Njinga monga Honda XL125, XL185 ndi Yamaha DT125 za m'ma 1970 ndi 1980 zili ndi mafoloko amene m'kati mwake muli kandodo kachitsulo kamphako, kotchedwa damper rod, kokhala ndi timabowo tosasintha kukula. Foloko ikamatsika, oyilo amakakamizika kudutsa m'timabowo timeneti. Aliyense amene anakankhapo madzi m'jakisoni akudziwa kuti ukakankha pang'onopang'ono amatuluka mosavuta, koma ukakankha mwadzidzidzi chala chimaima. N'chifukwa chake mafoloko amenewa amamira kwambiri pogwira buleki, pamene akutsika pang'onopang'ono, komanso amauma gwa akagunda mwala pa liwiro. Liwiro la oyilo likawirikiza kawiri, kukaniza kwake kumawirikiza pafupifupi kanayi. Tsono kuthiramo oyilo wokhuthala kumachepetsa kumira kuja, koma kumawonjezera kugunda kumene kumaphwanya mikono ndi kumasula mabawuti.

Maganizo anga ndi akuti tisanafune kusintha chilichonse, tibwezeretse kaye foloko mmene inalili potuluka ku fakitale, chifukwa njinga zambiri zimene timaziti n'zofooka kutsogolo zangokhala zaka osasinthidwa oyilo. Mukamasula, mudzapeza oyilo wotuwa, wonunkha, wosakanikirana ndi fumbi la chitsulo, ndipo kawirikawiri mwendo umodzi umakhala ndi wochepa kuposa unzake. Tsukani zonse ndi parafini, muziumitse bwino. Mapaipi onyezimira a mafolokowo muwagubuduze pa galasi lathyathyathya. Ngati limodzi likugwedezeka pogubuduzika, ndiye kuti linapindika, ndipo palibe oyilo amene angalichiritse. Yendetsani chikhadabo pa paipi pamene pamadutsa silo, kalaba kotsekera oyilo kuti asatuluke. Kadontho kamodzi ka dzimbiri kokhala ndi m'mphepete mwakuthwa n'kokwanira kung'amba silo yatsopano, choncho kasalazeni ndi sanipepa yosalala kwambiri yonyowetsa ndi oyilo musanabwezere. Masilo otayitsa oyilo si nkhani ya ukhondo chabe ayi, pakuti oyiloyo amatsetserekera mpaka ku mabuleki.

Za oyilo woti muthire, wa mafoloko wa 10W ndi poyambira pabwino, ndipo ngati sakupezeka ku Ulongue, oyilo wofiira wa ATF, wa m'galimoto zosintha magiya zokha, ndi woyenera, popeza mabuku akale a Honda ankalangiza womwewo pa njinga zambiri za nthawi imeneyo. Chimene anthu ambiri sachilabadira ndi mulingo wake. Mpweya wotsala pamwamba pa oyilo umapanikizika foloko ikayandikira pothera, motero umathandiza sipuling'i pamalo pamene ikufunikiradi thandizo. Ngati foloko ikugunda pansi m'maenje akuluakulu okha, onjezerani oyilo kuti akwere ndi mamilimita 10, muyese, m'malo mothira wokhuthala. Poyeza, sipuling'i ikhale itachotsedwa, foloko itakanikizidwa mpaka pansi, ndipo miyendo yonse iwiri ifanane.

Chidutswa cha paipi chija sindikuchikana kotheratu, koma tidziwe ntchito yake. Sichilimbitsa sipuling'i, chimangokweza pamene njinga imakhazikika. Mangani kachingwe pa paipi yonyezimira, mukwere njinga mwakachetechete mnzanu ataigwira, ndipo mukatsika muinyamule kutsogolo kuti muyeze pamene kachingweko kafika. Foloko iyenera kutsika gawo limodzi mwa magawo anayi, kapena mwa atatu, a ulendo wake wonse, kutanthauza mamilimita 50 mpaka 65 pa foloko yoyenda mamilimita 200. Kutsika kumeneku n'kofunika chifukwa ndiko kumalola tayala kutsikira m'dzenje n'kugwirabe nthaka. Ngati pakufunika chidutswa chachitali kwambiri kuti mufike pamenepo, sipuling'i ndi yofewa kwa inu kapena inafupika ndi ukalamba, ndipo yofunika ina.

Pali chinthu china chimene ife a kuno tiyenera kuchiganizira kuposa anthu a kwina. Njinga zathu zimanyamula matumba a mbatata ya kachewere, feteleza ndi chimanga, ndipo katundu yenseyo amakhala kumbuyo. Kumbuyo kukaphwathalala, kutsogolo kumapepuka, njinga n'kumayenda ikusokonekera pa mchenga ndi pokhota. Mwini wake amaimba mlandu mafoloko pamene olakwa ndi mashoko akumbuyo. Mabering'i a pakhosi pa mahandulo akakhala olobodoka amagogodanso mofanana ndi foloko yakutha, ndiponso tayala lopopedwa mopitirira muyeso limatumiza kamwala kalikonse m'manja.

Ndikudziwa kuti achinyamata ena amalakalaka kuchotsa kutsogolo konse n'kuikako mafoloko a njinga yatsopano. Nthawi zambiri zimenezi zimakweza njinga kutsogolo, zimasintha kakhotedwe kake, ndipo zimafuna tayala, ekiselo ndi mabuleki ena. Amene ali ndi ndalama ndi njira yoitanitsira katundu ku South Africa, ndibwino afunefune timavavu ta kampani ya Race Tech totchedwa emulator, timene timakhala pamwamba pa kandodo kaja, pansi pa sipuling'i. Timatseguka foloko ikagunda mwamphamvu, koma timafuna kuti mabowo a kandodo akuzidwe ndi mmisiri wosamala, ndipo pa mapaipi opindika n'kutaya ndalama chabe.

Kwa ambiri a ife, masilo atsopano, oyilo woyera woyezedwa bwino ndi malaba ophimba mapaipi kuti fumbi la chilimwe ndi matope a dzinja asafike pa silo, n'zimene zingasinthe kayendedwe ka njinga. Pomanga, musathamangire kulimbitsa mabawuti ogwira ekiselo. Ikani njinga pansi, mukanikize mahandulo kangapo kuti miyendo iwiri ipeze yokha malo ake, kenako mumange, chifukwa foloko yomangidwa mopotoka imakakamira ngakhale zonse za m'kati zili zatsopano.