Ng'ombe yamkaka mu Okutobala: khola la ku Thyolo ndi busa la ku Monze

Mlimi wa mkaka wa ku Thyolo atapita ku Monze kapena ku Magoye, kum'mwera kwa Zambia, angadabwe kuona ng'ombe zokamidwa zikupita kubusa pamodzi ndi zinzake, dzuwa likuswa mtengo. Kwathu kuno ng'ombe yamkaka sidziwa njira ya kudambo. Imakhala m'khola, nsenjere, madeya ndi madzi zimaipeza pomwepo. Si kufuna kwa alimi ayi: ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu minda ndi yaing'ono, pomwe Atonga a ku Zambiako ali ndi malo otambasuka odyetsera ziweto.

Ng'ombe yachizungu ya Friesian kwawo ndi kozizira, ku Netherlands. Kutentha kukangopitirira madigiri 25 imayamba kuvutika, ndipo chikopa chakudacho chimakoka dzuwa. Mukaime pakhola masana a Okutobala muone: yaimirira osafuna kugona pansi, ikupuma mwawefuwefu, dovu lili chuchuchu, nsenjere yammawa ikadali m'chodyera, kubzikula yasiya. Ikadya pang'ono mkaka umatsika. Choipa kwambiri, nyere zake sizionekera bwino, mlimi n'kuphonya tsiku loitana wopereka umuna, basi milungu itatu yapita.

Ng'ombe yathu yalinunda ilibe mavuto amenewa. Ubweya wake ndi waufupi, imatuluka thukuta mosavuta, nkhupakupa imazipirira. Koma mkaka ndi lita imodzi kapena awiri, komanso mwana akapanda kukhala pafupi imaumana. N'chifukwa chake anthu anaganiza zophatikiza mitundu iwiriyi.

Apa ndi pomwe ine ndimaona kuti ku Malawi timapitirira muyeso. Mwana woyamba amakhala theka-theka, ndipo ameneyu ndi wolimba zedi. Akakula timamupatsanso umuna wa Friesian, mwana wake n'kukhala ndi magawo 3 mwa 4 a magazi achizungu, mdzukulu 7 mwa 8. Pofika apo linunda lija latsala dzina lokha. Ku Bvumbwe kapena ku Mzuzu zimatheka poti n'kozizira. Koma ng'ombe yomweyo timaiika m'khola la malata ofupika, mpanda wotsekeka mbali zonse poopa akuba, mphepo osadutsa. Malata akatentha, ng'ombe ilibe kothawira.

Ya ku Monze imayenda mtunda padzuwa, inde, koma imasankha yokha. Imadya kwambiri mmawa ndi madzulo, masana n'kukabisala pansi pa mtengo. Ndipo poti m'gulu mumakhala nkhunzi zosiyanasiyana, alimi ambiri ang'onoang'ono sanafike pothetseratu magazi amakolo. Vuto lawo lili kwina. Kubusa ndi kumene kuli nkhupakupa, ndipo matenda a nkhupakupa amene Atonga amati denkete anapululutsa ng'ombe zambiri m'chigawochi. Ng'ombe yachizungu ikaphonya dibi sichedwa kugwa. Udzu ukauma m'chilimwe mkaka umachepa kwambiri, pomwe wa ku Thyolo, amene anabzala nsenjere m'mphepete mwa khwawa, akukamabe.

Anzathu a ku Tanzania anayesa njira ina kalekale. Ku Mpwapwa anapanga mtundu wawo pophatikiza ng'ombe zakomweko ndi Sahiwal komanso Red Sindhi, zomwe ndi zalinunda koma zamkaka, zochokera kotentha ku Pakistan, n'kuthiramo magazi achizungu pang'ono chabe. Mtunduwo sunafale kwenikweni, koma maganizo ake anali olondola.

Mukandifunsa, khola ndilo labwino kwa ife, bola denga likwere, pakhale mtengo wamthunzi, madzi asamathe m'chomwera, ndipo chakudya chochuluka chiziperekedwa kukazizira. Koma wokhala ku Salima kapena ku Chikwawa, komwe mu Novembala kumafika madigiri 40, asatengere za ku Bvumbwe. Akafika alangizi ndi umuna, afunse ngati pali wa Jersey, yomwe ndi yaing'ono thupi ndipo imapirirako kutentha, ndipo magazi achizungu asapitirire kwambiri theka.