Ndende yakale si bwalo la masewera

Lamulungu lapitali ndinachoka kunyumba kwa mlongo wanga ku Mtendere, mu Lusaka muno, nsima ili m'mbale, ndipo mpaka lero mtima wanga sunatsike. Ndikulemba izi ndili wokwiya, ndipo mkwiyowo sindiubisa, chifukwa chimene ndinaona pa foni ya mwana wa mlongo wangayo ndi chinthu chimene munthu woleredwa pakhomo pa anthu sayenera kuchita.

Mnyamatayu amakwera basi kupita ku Johannesburg kukaoda zovala zimene amagulitsa ku Kamwala, ndipo ndi mwana wolimbikira ntchito amene sindinayambanepo naye. Ulendo uno, podikira katundu wake, iye ndi anzake awiri anapita kukaona ndende yakale ija imatchedwa Number Four, pa Constitution Hill. Titangosamba m'manja anasendeza mpando, nandipatsa foni, nati, “Amalume, taonani kumene tinakacheza, masiku ano anthu akukonda kuyendera malo oopsa ngati amenewa.” Pa chithunzi choyamba iye ali m'kachipinda kopanikiza, wagwira zitsulo za pakhomo ndi manja onse awiri, lilime lili kunja, akuseka mano onse pamtunda. Pa chachiwiri mnzake wagwada pansi, manja ali kumbuyo ngati wamangidwa nyakula, ndipo wachitatu wamuimirira pamutu atakweza botolo la madzi ngati chibonga. Zithunzizo anaziika pa Facebook, pansi pake nalemba kuti, “Atigwira lero, tumizani ya belo,” ndipo anzake anadzaza m'munsimo ndi phwete.

Ndinamufunsa kuti, “Iwe, kodi ukudziwa chimene chinkachitika m'chipinda chimenechi?” Iye anayankha mosatekeseka kuti, “Amalume, ndi zakale zimenezo, m'menemo mulibe munthu.” Mawu amenewo ndi amene anandidzutsa pa nsima.

Mulibe munthu! Kodi kumanda a ku Chingwere kuli munthu woyenda? Kodi kumanda a ku Leopards Hill kuli munthu wolankhula? Nanga ndani mwa ife amene angakagone pa mtumbira wa mwini, natulutsa lilime, nauza mnzake kuti amujambule? Palibe, chifukwa tonse tinaphunzitsidwa kuti kumanda timavula chipewa, timatsitsa mawu, ndipo timayenda mosamala kuti tisaponde pamene pagona munthu. Ndende imene anthu anazunzikiramo ndi manda. Kuchoka kwa akaidi sikuisandutsa bwalo la masewera, ndipo kuchita dzimbiri kwa maloko sikupatsa aliyense chilolezo chosekera m'menemo. Ngati ili yopanda anthu lero, ndi chifukwa chakuti amene anali m'menemo ena anafera momwemo, ena anatuluka atathyoka thupi ndi mtima, osati chifukwa chakuti masewera anatha ndipo osewera anapita kwawo.

Chipinda chimene mwanayu anasekeramo chili m'ndende imene boma la azungu linkatsekeramo amuna akuda, ambiri a iwo atagwidwa chifukwa choyenda opanda pasi m'dziko la makolo awo. Pabwalo pamenepo akaidi ankawavula zovala zonse pamaso pa anzawo, nawalamula kudumpha ndi kuwerama kuti asilikali aone ngati sanabise kanthu m'thupi, mwambo wochotsa umunthu umene unkatchedwa tauza, ndipo wojambula Bob Gosani anaujambula mobisa mu 1954 kuti dziko lione. Zithunzi za bambo ameneyo zinali umboni, ndipo anaika moyo wake pachiswe kuti azitenge. Lero mwana wathu akuima pamalo omwewo ndi foni yake kuti aseketse anzake. Mahatma Gandhi anatsekeredwa pa phiri limenelo mu 1908. Nelson Mandela anasungidwa mu Old Fort, ndende ina ya pa phiri lomwelo, mu 1962. Albertina Sisulu ndi Winnie Mandela anagona m'ndende ya amayi imene ili pambali pake. Ndendeyo inatsekedwa mu 1983, inakhala zaka zambiri itasiyidwa, ndipo pamene khoti lalikulu loona za malamulo a dziko linatsegulidwa pomwepo mu 2004, anamangira m'makoma ake njerwa zochokera ku nyumba imene ankasungiramo oyembekezera milandu, kuti woweruza aliyense azikumbukira chimene chinachitika pamalopo. Eni dziko anasunga njerwa kuti asaiwale, mlendo wochokera ku Lusaka wafika natulutsa lilime. Ndipo tisamayese kuti zimenezi ndi za anthu akutali, chifukwa agogo athu ambiri ochokera ku Chipata, ku Katete, ku Dedza ndi ku Ntcheu anapita ku Joni kukagwira ntchito m'migodi, ndipo malamulo a pasi omwewo ankawalondola iwonso.

Chimene chandipweteka koposa ndi chakuti mnyamatayu ndi mdzukulu wa munthu amene anaidziwa ndende ndi thupi lake. Bambo anga, amene ndi agogo ake enieni, anatengedwa usiku kumudzi kwathu ku Malawi ine ndili mwana wamng'ono, ndipo anakhala m'ndende zaka zinayi osaonekera pamaso pa woweruza. Atatuluka tinawolokera kuno ku Zambia, ndipo tinakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri ku Matero. Ine ndinakula ndikuona chimene ndende imasiya mwa munthu. Bambo sankagona chitseko cha kuchipinda chili chotseka, ngakhale m'mwezi wa Juni kukuzizira kwambiri, moti amayi ankaika mwala pakhomo kuti mphepo isachikankhe. Akamva nsapato zolemera zikudutsa panja usiku, ankadzuka nakhala pansi pafupi ndi khoma, manja ali pa mawondo, mpaka phokosolo lithe. Nyemba sankadya, chifukwa fungo lake linkawakumbutsa nyemba zofumbwa ndi mgaiwa wosapsa zimene anadya zaka zonsezo. Tsiku lina amayi anagula ndowa yatsopano yachitsulo naiika pakona ya chipinda, ndipo bambo atalowa anaima osalankhula, kenaka anati, “Amake mwana, itulutseni panja imeneyi.” Ndinadzamva nditakula kuti ndowa yotero ndiyo inali chimbudzi cha amuna onse a m'chipinda chawo usiku wonse, ndipo m'mawa mmodzi ankaisenza kukataya. Anamwalira asanatiuze zambiri. Tsono ndikaona mdzukulu wawo atagwira zitsulo akuseka, ndimaona bambo anga atakhala pafupi ndi khoma lija, ndipo sindingathe kuseka naye.

Ndikubwereza: malo amene munthu analira mayi ake usiku popanda womumva si malo ojambulirapo zoseketsa. Khoma limene mkaidi anakandapo dzina lake ndi msomali kuti wina adzadziwe kuti anakhalapo si khoma lotsamira pofuna chithunzi chokongola. Kugwada manja ali kumbuyo si sewero. Alipo anthu amene anagwada chomwecho zenizeni, mapewa awo nagweduka, ndipo ena a iwo adakali moyo, ali ndi ana ndi adzukulu amene nawonso ali pa Facebook pomwepo ndipo amaona zimene timaikapo.

Ife olankhula Chichewa tilibe chifukwa chonamizira kusadziwa, chifukwa mbiri yathu yadzaza ndi ndende. Ku Mikuyu, kufupi ndi Zomba, mlakatuli Jack Mapanje anatsekeredwa kuyambira mu 1987 mpaka mu 1991 popanda mlandu wozengedwa. Machipisa Munthali anakhala m'ndende zaka 27. Aaron Gadama, Dick Matenje, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anadutsa ku Mikuyu komweko asanakaphedwe ku Mwanza mu Meyi 1983. Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera anagwidwa kumalire kufupi ndi Chipata mu Disembala 1981, ndipo Orton anafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, pamene Vera anatuluka mu Januwale 1993. Ngakhale othawa sanapulumuke onse, pakuti mtolankhani Mkwapatira Mhango anaphedwa ndi moto pamodzi ndi a m'banja lake mu 1989 mumzinda uno wa Lusaka, umene mwana wa mlongo wanga anabadwiramo. Dzaleka, imene achinyamata amaidziwa lero ngati msasa wa anthu othawa kwawo ku Dowa, inali ndende ya andale isanasinthidwe mu 1994. Kodi tsiku lina ana athu adzapitanso kumalo amenewa kukagwada mwachipongwe ndi kupempha ya belo? Kodi adzakavala foya kuti aoneke bwino pa chithunzi? Ngati lero tikuseka nawo za Number Four, tidzawaletsa ndi pakamwa pati?

Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kenneth Kaunda anamangidwa ndi atsamunda mu 1959, anatuluka mu Januwale 1960, nalamulira dziko lino kuyambira mu 1964 mpaka mu 1991, koma pa tsiku la Khirisimasi mu 1997 anamangidwanso nakagona ku Mukobeko ku Kabwe ali nkhalamba ya imvi. Ngati munthu amene anakhala ku State House zaka 27 anaziona zitsulo ali mkati, iwe wogulitsa zovala ku Kamwala ndiwe yani kuti uziseke zitsulo? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Wina asandimve molakwa ngati ndikuletsa anthu kukaona ndende zakale. Pitani, ndipo tengani ana anu. Malo amenewa anasungidwa kuti anthu aziwaona, ndipo ndi bwino kuti ayenderedwe kusiyana ndi kuti agwe namera udzu. Ku Robben Island, kumene Mandela anakhala kuyambira mu 1964 mpaka mu 1982 akuswa miyala ya laimu imene inamuwononga maso, ena mwa amene amaonetsa alendo ndi anthu amene anamangidwa komweko. Munthu amakulozera pansi pamene ankayala mphasa yake, nakuuza nambala imene ankamuitanira m'malo mwa dzina. Kodi pamaso pa munthu wotero ungatulutse lilime? Ngati sungatero iye ali pomwepo, usatero iye atachoka, ndipo usatero iye atamwalira. Chimene ndikukana ndi mtima umene munthu amapita nawo, mtima wofuna kuopsedwa pang'ono kuti asangalale, ngati mmene ana amaopsezerana usiku ndi nkhani za mizukwa, kenaka nkutuluka kukagula zoziziritsa kukhosi ngati palibe chachitika. Wopita ku ndende yakale apite ngati wopita kukapepesa maliro: alowe mwakachetechete, amvetsere, awerenge mayina, ndipo ngati akufuna kujambula ajambule chipindacho, osati nkhope yake ikuseka m'chipindamo. Kuzunzika kwa mnzako si chokondweretsa cha paulendo. Misozi ya eni si ndiwo zodyera nsima yako.

Ena adzati vuto ndi mafoni, ena adzati ndi sukulu, ena adzati ndi ife akuluakulu amene sitinawauze ana zimene agogo awo anaona. Zonsezo zingakhale zoona, koma munthu wa zaka zoposa makumi awiri safuna mphunzitsi kuti adziwe kuti chipinda chopanda zenera chokhala ndi chitseko chachitsulo sichinamangidwire chisangalalo.

Mlongo wanga ananditsatira mpaka pa geti akunena kuti, “Achimwene, mwana sanadziwe, bwererani mudzamalize kudya.” Ndinamuyankha kuti, “Chemwali, ngati sanadziwe, mumuuze za mwala uja amayi ankaika pachitseko.” Sanayankhe, anangogwira chitenje kukamwa. Madzulo omwewo mnyamatayo ananditumizira uthenga wakuti wachotsa zithunzizo chifukwa amalume akwiya. Ine sindikufuna kuti azichotse chifukwa amalume akwiya. Ndikufuna kuti achite manyazi chifukwa cha anthu amene anagona pansi pamene iye anaimapo ndi nsapato zake zatsopano.

Ndipo pali china chimene chikundinyansa mofanana. Anyamata omwewa amene amalipira ndalama kuti akalowe m'ndende yopanda anthu kutsidya kwa malire amagwira ntchito kufupi ndi Chimbokaila, ndende imene ili yodzaza ndi anthu amoyo lero lino. Pakhomo pake amayi amaima pamzere dzuwa likuswa mtengo, atanyamula nsima ndi kapenta m'makontena, sopo ndi bulangeti, kudikira kuti aone mwana kapena mwamuna wawo kwa mphindi zochepa. Ena mwa amene ali mkatimo sanaweruzidwe, akungodikira tsiku la khoti. Mnzake wa mwana wa mlongo wangayo, amene anakulira naye limodzi ku Mtendere ndipo ankadya m'mbale imodzi, ali m'menemo kuyambira chaka chatha. Ndinamufunsa ngati anapitako kukamuona ngakhale kamodzi, kapena kumutumizira sopo mmodzi kudzera mwa amake. Anandiuza kuti alibe nthawi chifukwa cha bizinesi.