Madzi a m'garaja nthawi ya chisanu amalowa ndi galimoto

Maganizo anga ndi akuti anthu ambiri okhala m'mizinda yozizira ya ku Canada, monga Winnipeg, Calgary ndi Ottawa, amataya ndalama polimbana ndi zithaphwi za m'garaja chifukwa amathamangira kukonza pansi, kuiwala kuti madziwo amabwera ndi galimoto. Kuyambira mu Disembala mpaka mu Malichi, galimoto yochokera kumsewu imalowa itanyamula zibuma za chipale chofewa kuseri kwa matayala, zakuda bii, zosakanikirana ndi mchenga komanso mchere. Zikangomva kutentha kwa injini zimayamba kudontha, ndipo pofika m'mawa munthu amasowa popondera.

Choopsa kwambiri m'madziwo ndi mcherewo. Dziko la Canada limathira matani pafupifupi 5 miliyoni a mchere m'misewu chaka chilichonse pofuna kusungunula chipale, ndipo wina mwa mchere umenewu umathera m'magaraja a anthu. Konkire imamwa madzi kudzera m'timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo madzi akaundana amafufuma ndi 9 peresenti, kotero kuti akamasungunuka masana n'kuundananso usiku, pamwamba pa simenti pamayamba kumatuka ngati nkhoko za mumphika wa nsima. Mchere ukalowerera mpaka kufika pa zitsulo za mkati mwa konkire, dzimbiri limazitupitsa ndipo ming'alu imatseguka. Pansi pomangidwa bwino pamatsetsereka kulowera kukhomo ndi sentimita imodzi kapena ziwiri pa mita iliyonse, koma m'nyumba zakale nthaka imatitimira, madzi n'kumathamangira kukhoma, kumene matabwa amamwa chinyontho mpaka kuchita chuku.

Sindigwirizana ndi amene amati yankho ndi kuika hita yamphamvu. Kutentha kumasungunula chipale chonse nthawi imodzi, ndipo chitsulo chonyowa ndi madzi amchere chimachita dzimbiri mofulumira pamalo ofunda kusiyana ndi pozizira, motero mwini wake amalipira magetsi kuti galimoto yake idyeke kunsi. Penti yolimba yopaka pansi yotchedwa epoxy imateteza simenti ndithu, koma siisintha kumene madzi amalowera, ndipo ngati sanaisakanize ndi timchenga imaterera koopsa ikanyowa.

Ntchito yeniyeni ili pakhomo. Muimitse galimoto panja, mugogode zibuma za kuseri kwa matayala ndi tsache lolimba kapena fosholo ya pulasitiki, muchotsenso chipale cha padenga pa galimotoyo, kenako mulowe. Inde, kutsika m'galimoto kukuzizira madigiri 20 pansi pa ziro si chinthu chokoma, makamaka ana akulira kumbuyo, koma chibuma chimene chagwera panja sichidzafunanso kukolopa. Zotsalazo zigwere pa mphasa ya rabala kapena pulasitiki yokhala ndi m'mphepete mokwera, imene imasunga madzi pansi pa galimoto pomwepo.

Pochotsa madzi pamafunika nzeru pang'ono. Ambiri amangowakankhira kunja kwa chitseko, ndipo usiku amaundana pamalo pomwe aliyense amadutsa m'mawa, nthawi zina n'kumata rabala wa kunsi kwa chitseko ku simenti, moti potsegula amang'ambika. Ndi bwino kuwayamwa ndi makina opopera fumbi amene amalola madzi, kapena kuwakankhira m'mbali, kutali ndi njira ndi maluwa, popeza mchere umaumitsa kapinga.

Amene akuganiza zoboola pansi kuti aike ngalande ayambe afunsa ku khonsolo ya mzinda wawo, chifukwa madzi a m'garaja amakhala ndi oyilo ndi petulo, ndipo malamulo a komwe angatayidwe amasiyana mzinda ndi mzinda. Ngati nyumbayo ndi ya lendi, jambulani zithaphwi ndi ming'alu chisanu chikangoyamba, mutumizire mwini nyumba uthenga wolemba, kuti potuluka asadzakuwerengereni simenti imene inayamba kumatuka inu musanalowemo.