Zitsa za mitandazo musazipeputse

Alembi mwati boma la England likungotaya nthawi poteteza mitanda yakale ya pamanda a matchalitchi poti yambiri inangotsala chitsa ndi masitepe basi, koma apa ndiye ndikutsutsani. Sikuti inagwa yokha ayi, anthu anaiphwanya dala m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600 nthawi ya Reformation, pomwe mpingo wa ku England unapatukana ndi wa Katolika, ankati ndi mafano ndiye kumangodula mitu yake. A Historic England, bungwe la boma loteteza malo ndi zinthu zakale, amati mitanda yamwala yotereyi, ya pamanda ndi ya malo ena, kale inalipo yoposa 12,000 koma pano yotsala sikwana 2,000, ndiye nayonso ipite eti?

Paja pamitandapo ndi pomwe akhristu ankaima akamazungulira tchalitchi Lamulungu la Kanjedza, sinali yongokongoletsa.

Takafufuzani mtanda wa ku Gosforth ku Cumbria, kumpoto kwa England, pa tchalitchi cha St Mary, wa m'zaka za m'ma 900, wautali kuposa mamita 4 koma woonda zedi. Mbali ina anasemapo Yesu atapachikidwa, mbali ina kuli Loki, mulungu wa m'nthano za ma Viking (anthu akale a ku Scandinavia), atamangidwa, mkazi wake Sigyn atagwira mbale kuwakha ululu wa njoka kuti usamudonthere mwamuna wake, zonsezi pamwala umodzi, inu mungati ndi mwala wamba umenewo?

Pomwe ndikugwirizana nanu ndi pa mapepala, lamulo la 1979 loteteza zinthu zakale limafuna chilolezo ngakhale pofuna kungokonza, zimachedwetsa ndithu. Koma kuwasiya a komiti ya tchalitchi okha mawa mupeza wina wamatapo simenti kapena waukwecha ndi bulashi ya waya, zosemazo kufufutika.