Grinder ija sinateme amene anaisiya

Mtima sunandikhale m'malo chichokere Loweruka, ndiye mundilole ndilankhule.

Ndimathandizira ku makerspace ya pa yunivesite ina, chipinda chija muli makina osiyanasiyana chomwe ophunzira ndi anthu ochokera m'makwalalamu amabwera kudzapangiramo zinthu zawo. Loweruka cha m'ma 11 koloko, mnyamata wina wa finale, chaka chomaliza, ankadula chitsulo ndi grinder. Magetsi anathima monga mukudziwira. Iye anangoika grinder ija pa tebulo, swichi ili chiyatsire, pulagi ili m'soketi, n'kutuluka kukayankha foni. Chotchinga cha pa disiki anali atachotsa kale, ati chimamulepheretsa kuona pomwe akudula.

Mayi ena osoka zikwama, amene amabwera kudzadula zikopa zawo pa laser (makina odula zinthu ndi kuwala kwamphamvu), anasendera pa tebulo lomwelo chifukwa ndi limene lili pafupi ndi windo. Anayala chikopa, akuyeza ndi tepi. Magetsi n'kubwera. Grinder inalira n'kudumpha ngati nkhuku yodulidwa mutu, inayenda pa tebulo, inang'amba chikopa chija n'kuwatema pamwamba pa dzanja lamanja. Ine ndinali pa mtunda wa mapazi asanu. Ndinaona tepi ikugwa, ndinaona magazi akudontha pa chitenje chawo, ndipo iwo sanakuwe n'komwe, anangogwira dzanjalo n'kunena kuti, "Mayo ine, maoda a anthu." Ku chipatala anawasoka. Dzanja lamanja, anthuni, la munthu amene ana ake amadya chifukwa cha singano ndi sizasi.

Mwini grinder atabwerako anapepesa, inde. Koma nditamufunsa chifukwa chake sanazule pulagi, yankho lake ndi limene landiwiritsa mpaka lero. "Akulu, inetu ndazolowera, grinder ndinayamba kuigwira ndili Folomu 2."

Wazolowera? Ndiye bwanji magazi atuluka kwa wina?

Apa ndi pomwe pagona nkhani yanga. Lamulo la mu chipinda cha makina silinalembedwere iwe wekha. Linalembedwera munthu amene waima pambali pako, amene sakudziwa chomwe wasiya pa tebulo, amene wabwera ndi ntchito yake ndipo akukhulupirira kuti wogwira makina uja ali ndi mutu. Ukaliphwanya, wochimwa ndiwe koma wovulala ndi wina. Nkhuyu zodya mwana zinapota akulu. Dzanja lako ukafuna kulitaya kalitayire kwanu, kuseri kwa nyumba ya makolo ako, koma m'chipinda cha tonse muno mulibe ngozi ya munthu mmodzi.

Lamulolo lili pa khoma, zilembo zikuluzikulu, m'Chichewa ndi m'Chingerezi momwe: magetsi akathima zimitsa makina, zula pulagi. Mawu angati amenewo? Kuzula pulagi kumatenga nthawi yochepa kuposa kutsegula WhatsApp. Makina ena akuluakulu ali ndi swichi yoti magetsi akathima imadzizimitsa yokha mpaka munthu adzaidinenso, koma ma grinder ambiri amene timagula m'mashopu mwathu muno alibe zimenezo. Ukaisiya yoyatsa, magetsi akangobwera imayamba yokha. Ndipo kagrinder kakang'ono ka disiki ya 115 mm kamazungulira pafupifupi ka 11,000 pa mphindi imodzi. Kaganizeni kameneko kali kokha pa tebulo, kopanda chotchinga, kopanda dzanja lokagwira. Ife a dziko lino, amene magetsi amatithimira nthawi ina iliyonse, ndi amene tinayenera kulidziwa lamuloli ngati dzina lathu.

Mwina ndi kuthamangira ma project, mwina ndi kuti tekinishani ndi mmodzi pa anthu makumi atatu, zifukwa zophwanyira lamuloli zilipo. Sizikundikhudza lero.

Chimene chikundikhudza ndi matama awa oti malamulo ndi a mayaro, ophunzira a chaka choyamba. Yaro akalowa amawerenga pa khoma, amavala magalasi oteteza maso, amafunsa asanagwire chinthu. Mayi osoka zikwama aja amafunsa. Bambo wina wokhoma zidebe amene amabwera kuchokera ku msika amafunsa, ndipo akamaliza amasesa malo ake. Amene safunsa ndi ophunzira kwambiriwa, a chaka chachinayi ndi chachisanu, amene akuona ngati kuvala magalasi n'kudzichotsa ulemu pamaso pa atsikana. Ukawauza amakuyang'ana ngati wawatukwanira mayi awo. Achimwene, makina sadziwa kuti muli chaka chanji. Sadziwa kuti masamu munakhoza bwanji. Ndipo chibanthu cha disiki chikathothoka sichifunsa kuti anachotsa chotchinga ndani, chimangopita kumene chapita, m'diso la aliyense amene ali kutsogolo.

Tayang'anani malamulo ena onse a pa khoma paja, muone ngati pali limodzi lomwe likukhudza munthu mmodzi. Akuti osadula pulasitiki ya PVC pa laser. Chifukwa chake n'chakuti PVC ikapsa imatulutsa mpweya wa chlorine, umene umawotcha m'mapapo ndi kudya zitsulo za makinawo. Utsi umenewo supita kwa wodulayo yekha, tonse m'chipindamo timaupuma, ndipo laser ikawonongeka anthu onse amene amaidalira akhala miyezi akudikira. Akuti laser osaisiya ikudula iwe n'kuchokapo, chifukwa thabwa kapena katoni imatha kugwira moto m'kanthawi kochepa. Moto umenewo uwotcha project yako yokha? Akuti pochita welding tseka katani. Iwe wavala chigoba kumaso, uli bwino, koma mnzako amene akudutsa ndi amene adzadzuke pakati pa usiku maso akutentha ngati athiridwa mchenga, misozi ili chuchuchu, osadziwa kuti chamupweteka n'chiyani. Akuti soldering iron, kachitsulo kotentha kolumikizira mawaya, ibwezere pa choikapo chake. Nsonga yake imatentha kupitirira madigiri 300, ndipo ikagona pa tebulo imaoneka chimodzimodzi ndi yozizira. Amene adzaigwire ndi wobwera pambuyo pako. Akuti batire ya lithium yotupa osaiponya mu bini ya utuchi. Nanga ikaphulika usiku, mlonda amene wagona panja pa chitseko walakwa chiyani?

Ngakhale malamulo amene amaoneka ngati ndi a iwe mwini, monga kumanga tsitsi, kuvula magolovesi pa drill ndi pa lathe (makina ozunguza chitsulo pochisema), kusalowa ndi patapata, kusagwira ntchito wekha usiku, nawonso ali ndi anthu ena kumbuyo kwake. Mu 2011, pa Yale University ku America, mtsikana wina wa chaka chomaliza anamwalira tsitsi lake litakodwa mu lathe. Anali yekha usiku. Anali wanzeru, makina ankawadziwa, sukulu yake ndi ya ndalama kuposa zathu zonse kuziphatikiza. Anamupeza ndi ophunzira anzake. Tangoganizani amene anatsegula chitseko, tangoganizani makolo amene analandira foni. Ndiye mtsikana akabwera ndi mameshi ofika m'chiuno ine n'kumuuza kuti chemwali tamangani kaye, asamandiyankhe kuti tsitsi ndi lake. Tsitsi ndi lake, koma wokamuchotsa pa makinapo ndi ife.

Ndamva kale ena akuti, "Aaa, zangozi basi, munthu sangadziwe." Ayi. Ngozi ndi pamene wachita zonse zoyenera koma chinthu n'kulakwikabe. Kuchotsa chotchinga ndi dzanja lako, kusiya swichi yoyatsa, kudutsa pansi pa chikwangwani chokuuza kuti zula pulagi n'kupita kukaseka pa foni, imeneyo si ngozi. Kumeneko n'kutchera msampha m'njira yodutsa anthu. Ndipo "pepani" sabweza maoda a zikwama amene mayi aja alephera kupereka, salipira lendi ya mwezi uno.

Ine maganizo anga ndi awa, ndipo amene akwiye akwiye. Wochotsa chotchinga pa makina aletsedwe kulowa teremu yonse, kaya project yake ikufunika mawa, kaya ndi mwana wa ndani, kaya ndi lecturer amene. Inde, ndatchula ma lecturer, chifukwa ena mwa iwo amalowa ndi alendo kudzaonetsa makina, alibe magalasi, tayi ali lendelende pamwamba pa lathe, ife n'kumangoyang'ana pansi chifukwa ndi akuluakulu. Mwana akaona zimenezo mawa umuuza chiyani? Wobwereka makina asaine kuti waphunzitsidwa kagwiritsidwe kake, ndipo amene sanaphunzitsidwe asakhudze, ngakhale atalumbira kuti bambo ake ali ndi garaja. Samva adamva nkhwangwa ili m'mutu, koma kuno nkhwangwayo ikumagwera m'mutu mwa amene anamva.

Ndipo poti ndayamba, ndinene ndi izi. Tsiku limenelo ndinathamangira ku bokosi la chithandizo choyamba. Linali lokhoma, kiyi ali ndi munthu amene sabwera Loweruka. Titalithyola tinapezamo thonje lochepa, sizasi ndi botolo la spirit louma. Bandeji panalibe. Dzanja la mayi aja tinalimanga ndi nsalu yawo yomwe, yomwe anagula kuti asokere mkati mwa zikwama za makasitomala. Dziko lino lili ndi lamulo la chitetezo ndi umoyo wa anthu pa malo a ntchito kuyambira 1997, ndipo ife tili ndi ma 3D printer, tili ndi laser ya mamiliyoni, alendo akabwera timajambulitsa zithunzi zokongola za pa Facebook, koma bandeji tilibe. Chozimitsira moto chili kuseri kwa mulu wa matabwa, ndakhala ndikunena kuyambira teremu yatha kuti achisunthe. Lero m'mawa ndadutsako, chidakali pomwepo.