Za maapulo ndi khansa yapakhungu, maganizo anga

Abale inu apa gulu la kuno ku Lizulu, kameseji kaja koti asidi wa m'maapulo amapha melanoma, mtundu wina wa khansa yapakhungu, kazungulira mokwanira, ena mpaka akuuzana kuti ingofinyani apulo muzipaka pabala. Ine ndikuti ayi ndithu.

Asidi wa m'maapuloyo, dzina lake malic acid, alipodi, ndi amene amawawasitsa apulo losapsa, m'mapichesi aja amayi amagulitsa m'mbali mwa M1 alimonso. Anamupeza ndi wasayansi wina, Carl Wilhelm Scheele, mu 1785 ndiye si chachilendo ayi, m'maswiti owawasa amathiramonso, papepala amalemba E296. Komanso thupi lathuli limamupanga lokha tsiku ndi tsiku maselo akamasandutsa nsima kukhala mphamvu, ndiye akanakhala kuti amachiza khansa bwenzi wina akudwalanso? Zomwe asayansi akuunika ndi mmene maselo a khansa amagwiritsira ntchito njira yomweyi kuti azikula, ndipo zambiri zimachitikira mu labu, m'timbale tagalasi ndi pa mbewa. Kuchoka pamenepo kufika pa mankhwala oti munthu amwe pamapita zaka zambirimbiri, ndipo ambiri amakanika panjira.

Azimayi okonda mafuta osalalitsa nkhope dziwaninso kuti asidi wa zipatso ameneyu amasenda khungu lapamwamba ndiye mumapsa msanga ndi dzuwa, ndipo kuzizira kwa kunoku kusatinamize, kumapiri dzuwa limaluma kwambiri ngakhale wavala juzi.

Koma chondidandaulitsa ine ndi ichi. Timaganiza kuti khansa yapakhungu ndi ya azungu kapena ya abale athu achialubino basi, pamene kwa ife akuda melanoma imakonda kubisala malo amene dzuwa silifika nkomwe, kunsi kwa phazi, m'chikhatho, pansi pa chikhadabo. Bob Marley yake inayambira pachala chakuphazi, poyamba anthu ankati wavulala kumpira, anamwalira 1981 ali ndi zaka 36 zokha. Tsono taganizani agogo anu amene amapita kudimba kukalima kachewere opanda nsapato, kadontho kakuda kachidendene azingoti ndi munga kapena thekenya, akolowole ndi singano, athire phulusa, mwezi utha kadontho kakukulirakulira, m'mbali mokhotakhota, mitundu iwiri itatu, kenako kayamba kutuluka magazi. Ndani amawayang'ana kuphazi agogo? Palibe, nawonso maso sakuona bwino.

Ikapezeka idakali yaying'ono amangoidula ndipo ambiri amachira, koma ikafalikira m'thupi ndi nkhani ina, ndiye miyezi imene munthu akupaka apulo ndi yomwe ikumuphetsa. Mukaona dontho lotere kapena bala losapola pitani nawo kuchipatala chaboma, muwauze achipatala kuti likukula, asangokumangani bandeji, ngati pakufunika akutumizeni ku Kamuzu Central akadule kachidutswa akayeze. Maapulowo idyani, palibe wakuletsani.