Siyani kukwecha mfuti zakale ndi sandipepa

Pali munthu wina waika pamalonda mfuti ya m'manja ya Webley Mk VI ya 1917, ndipo akudzitama kuti waikonza mpaka yabwerera mwakale. Pazithunzi zake mfutiyo yayera mbee, yoti n'kudzionerapo nkhope. Zandinyansa koopsa. Dzina la Webley pambali pake likuwerengeka movutikira, chaka chafufutika theka, ngodya zonse za mpope zasanduka zobulungira, mabowo a masikuluwu alowa m'kati. Bambo inu, palibe chimene mwakonza. Mwaipha mfutiyo. Zimene inasunga kwa zaka zoposa 100 mwazichotsa ndi makina masana amodzi, kenaka mwakwezanso mtengo.

Mfuti yakale ya usilikali si poto woti muzimukwecha ndi mchenga ndi phulusa kuti alendo akutameni ukhondo. Mtengo wake uli pa khungu lake ndi pa zidindo zake, basi. Chitsulo chokha n'choposa kilogalamu imodzi pang'ono, ndipo chitsulo chili mbwee kulikonse. Chimene wosonkhanitsa mfuti zakale amalipira ndi timalemba tija mwafufuta.

Taonani zimene zimakhala pa Webley yosakhudzidwa. Pali kachizindikiro konga mutu wa muvi, kosonyeza kuti mfutiyo inali katundu wa boma la Britain. Mivi ikakhala iwiri yoyang'anizana nsonga, ndiye kuti boma linaigulitsa, inatuluka m'manja mwa asilikali mwalamulo. Pali chisoti chachifumu chokhala ndi timbendera tiwiri topingasana, kusonyeza kuti inayesedwa ndi chipolopolo champhamvu ndipo inapirira. Pali tizidindo ta oyendera ntchito, chisoti pamwamba, nambala ndi chilembo pansi. Pali chaka. Kumbuyo kwa chogwirira nthawi zina mumapeza zilembo za gulu la asilikali limene linaigwiritsa ntchito. Nambala ya mfutiyo imadindidwa pa thupi lake, pa mpope ndi pa silinda, ija yozungulira ya mabowo 6, ndipo zitatuzi zikafanana mumadziwa kuti ziwalo zake sizinasakanizidwe ndi za mfuti ina. Zidindo zambiri mwa izi n'zosazama. Sandipepa akadutsapo kangapo, zapita, ndipo palibe mmisiri amene angazibweze. Wozidindanso ndiye kuti akupanga chinyengo.

Ndipo musaganize kuti nkhaniyi ndi ya azungu okhaokha. Webley inalowa usilikali wa Britain mu 1887, Mk VI inabwera mu 1915, ndipo mfuti za m'manja za mtundu umenewu ndi zimene akuluakulu a asilikali a Britain ankamanga m'chiuno, kuphatikizapo amene ankatsogolera agogo athu a Keyala, King's African Rifles, aja mayina awo amakumbukiridwa pa chipilala cha ku Zomba. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse akuluakulu ambiri ankagula okha mfuti zawo kusitolo, choncho zina zilibe muvi wa boma koma zili ndi dzina la sitolo pamwamba pa mpope, monga Army & Navy C.S.L. ya ku London. Mabuku a malonda a sitolo imeneyo akusungidwa ku University of Glasgow, moti ndi nambala ya mfuti munthu angathe kupeza amene anaigula. Nanga nambalayo mukaikwecha, mudzafufuza ndi chiyani? Mwadula chingwe chokhacho cholumikiza chitsulocho ndi munthu amene anachinyamula.

Chimachititsa n'chiyani? Umbuli ndi dyera, zatha.

Anthu ambiri sasiyanitsa dzimbiri ndi ukalamba wa chitsulo. Dzimbiri lamoyo ndi lofiira, lokhakhala, limatsala pa nsalu mukapukuta, ndipo likudya chitsulo. Limenelo liyenera kuimitsidwa. Koma mtundu uja wabulauni kapena wotuwa, wosalala mukakhudza, umene umaoneka pamene utoto wakuda wa kufakitale unatha chifukwa cha manja ndi chikwama, si matenda ayi. Usiyeni. Kuyera kwa kunsonga kwa mpope ndi m'mbali mwa silinda ndi umboni woti mfutiyo inalowa ndi kutuluka m'chikwama kwa zaka zambiri. Wodziwa amayang'ana pomwepo poyamba.

Ngati mfuti ili m'manja mwanu mwalamulo, ndi chiphaso cha apolisi, pakuti ukale wake suichotsa pansi pa lamulo, ntchito yake ndi yochepa. Choyamba itseguleni. Webley imathyoka pakati mukakankha kachitsulo ka kumanzere ndi chala chachikulu, ndiye onani ndi maso kuti mabowo onse 6 alibe kanthu. Masulani zogwirira ndi kuziika padera, chifukwa za Mk VI n'za labala wouma, zimasweka msanga, ndipo pansi pa zogwirira m'pamene dzimbiri limabisala. Sikuludiraiva ikhale yodzaza mpata wa sikuluwu ndendende. Ya pamsika, ija yosongoka ngati mphero, imatsetsereka n'kung'amba mutu wa sikuluwu. Pamene pali dzimbiri lofiira dontheranipo mafuta opepuka a mfuti, asiyeni alowerere tsiku limodzi kapena awiri, kenaka palani pang'onopang'ono ndi kachidutswa ka mkuwa wofewa kapena kamtengo kosongola. Pukutani ndi nsalu ya thonje pafupipafupi, chifukwa fumbi la dzimbirilo likatsala limakanda chitsulo. Ngati silinachoke lonse, thiraninso mafuta, dikirani. Sitiliwaya wa kukhitchini ayi. Viniga ayi, amadya utoto wakuda wonse n'kusiya chitsulo chambee. Mankhwala ochotsera dzimbiri a galimoto amachitanso chimodzimodzi. Mukamaliza pakani phula la m'nyumba zosungira zinthu zakale, ngati Renaissance Wax, mopyapyala kwambiri, n'kupukuta. Pobwezera zogwirira musamange sikuluwu mwamphamvu, mudzamva the! ndipo chogwirira cha 1917 chapita.

Posunga, ichotseni m'chikwama chachikopa. Chikopa chimakoka chinyontho ndipo mankhwala ofufutira chikopa amadya chitsulo. Nyengo ya dzinja imene ngakhale nsapato zimachita nkhungu m'kabati, mfuti yogona m'chikopa imatuluka ndi mawanga ofiira mbali zonse ziwiri. Chikwama chikhale pachokha, mfuti payokha, malo otsekedwa ndi loko, ouma, chinyontho chake cha m'ma 50 peresenti. Mukaigwira ndi manja, ipukuteni, thukuta lili ndi mchere. Zonsezi palibe pamene pakufunika makina opukutira. Palibe!

Inu ogula, musamakopeke ndi kuwala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Yendetsani chikhadabo pa zilembo. Pa mfuti yosakhudzidwa m'mphepete mwa chilembo chilichonse mumagwira chikhadabo, pa yokwechedwa chilembo chimaoneka chopakika mbali imodzi. Yang'anani ngati timaenje ta dzimbiri tili pansi pa utoto wakuda. Ngati utoto walowa m'timaenjemo, unapakidwa dzimbiri litadya kale, si wa kufakitale. Utoto wa m'botolo uja umanunkha ndipo umakhala wamawangamawanga padzuwa.

Chondipweteka kwambiri ndi amene amasalaza Webley Mk IV ya .38 ya nkhondo yachiwiri chifukwa ati inapangidwa mosasamala. Pambali pake kampaniyo inadinda mawu akuti WAR FINISH, kudziwitsa aliyense kuti mizere ya makina ikuonekayo ndi chifukwa cha changu cha nkhondo, si mmene amagwirira ntchito masiku onse. Mizere imeneyo ndiyo mbiri ya mfutiyo. Munthu akubwera patapita zaka 80 n'kumaliza ntchito imene eni ake anaisiya dala. Enanso amaona mfuti ina ya m'manja ya Britain, Enfield No. 2 Mk I*, ilibe kamchira pa nyundo yake n'kumati inathyoka, amakawotcherera kena. Sinathyoke, inapangidwa choncho kuyambira 1938.

Ndipo mfuti ya bambo uja ili ndi vuto lina limene sanalitchule. Manambala a m'mphepete mwa silinda adulidwa kumunsi. Zikatero dziwani kuti kumbuyo kwa silinda kunasengedwa pafupifupi mamilimita 1.5 kuti mulowe zipolopolo za ku America za .45 ACP zokoleka pa timalata. Izi zinachitikira Webley zambirimbiri zimene zinagulitsidwa ku America nkhondo yachiwiri itatha, chifukwa kumeneko zipolopolo zake za Webley, za .455, zinali zosowa. Anthu amaganiza kuti poti mfuti za ku America za Colt ndi Smith & Wesson za M1917 zimadya .45 ACP pa timalata totero, Webley nayo ingadye. Zija zinapangidwira chipolopolo chimenecho, Webley ayi. Chipolopolo cha .455 chimakankha ndi mphamvu ya pafupifupi 13,000 psi, pamene .45 ACP ya kusitolo imafika 21,000 psi. Mfuti yothyoka pakati imagwiridwa ndi kachitsulo kamodzi pamwamba, ndipo khoma la silinda yake ndi lopyapyala. Ikhoza kupirira lero, kupirira mawa, tsiku lina silinda n'kuphulika dzanja lili pomwepo. Chimodzimodzi Smith & Wesson Victory zimene asilikali a Britain ankagwiritsa ntchito, za nambala yoyamba ndi V, zimene zinabooledwa kuchoka pa .38 S&W kupita pa .38 Special. Bowo lakale ndi lotakata kuposa chipolopolo chatsopanocho, choncho makoko amatupa, ena amang'ambika. Wogulitsa amene akudziwa zimenezi n'kukhala chete akusewera ndi zala za mnzake. Lembani pamalondapo kuti silinda inasengedwa, bambo, ndipo mtengowo mutsitse.